Chipewa Chachiwiri Chija

Lolemba, pa 9 Juni

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga bondo lija limakuvutani kukazizira? Achemwali anandiuza kuti mwayambanso kuyenda mpaka kumsika popanda ndodo. Ngati zili zoona tithokoze, koma musamanyamule zolemera. Ine thupi lili bwino, ndikudyako, kuntchito ndikupita. Zina zonse sizili bwino, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba. Pa foni mumakhala ndi anthu pambali. Kalatayi muwerenge nokha, musapatse mdzukulu aliyense kuti akuwerengereni. Sukulu sindinapite nayo patali, mukudziwa, koma ndayesetsa kulemba zilembo zazikulu.

Ndiyambe ndi chimene chinayamba. Tinapita ndi mwana kusikelo, ine ndi mpongozi wanu. Mdzukulu wanu uja masiku ano tikumutcha Kamano, chifukwa atuluka awiri pansi ndipo amaluma chilichonse. Anamwino anafunsa ngati kumtundu kwathu kuli matenda a mtima, a shuga kapena akugwa. Mpongozi wanu anayankha za kwawo mpaka agogo a agogo ake. Ine ndinayankha za kwa inu. Atafunsa za kwa bambo ndinangokanda mutu. Ndinati bambo anamwalira ine ndikukwawa, anali munthu wobwera kudzagwira ntchito, ndipo pamaliro awo sipanafike mbale wawo. Anamwino anaseka, akuti ndiye bambo anu anachita kugwa ndi mvula? Ndinaseka nawo, koma m'basi pobwerera mpongozi wanu anati mwana sangakule akudziwa mbali imodzi, tifufuze.

Kuntchito kwathu, kodula magalasi kuja, kuli bambo ena achikulire amene amapita m'nyumba za anthu kukayeza mawindo. Timawatcha a Mizu, chifukwa nkhani yawo ndi imodzi, yofufuza makolo awo. M'mawa uliwonse anyamata amawafunsa kuti, a Mizu, lero mwafukula agogo angati? Iwo sakwiya. Ndiwo anandiuza kuti masiku ano anthu amayezetsa chibale, zimene akuzitcha DNA. Umapukuta m'kati mwa tsaya ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, n'kutumiza, ndiye amakuonetsa pa foni anthu amene magazi ako akugwirizana nawo, ngakhale ali kutali. Akuti iwo anapeza msuweni wawo motero. Anatiitanitsira timapaketi titatu, ka ine, ka mpongozi wanu ndi ka mwana.

Tinapukuta Lamulungu masana, patebulo, chitseko chili chotsegula. Kamano analuma kamtengo kake osafuna kukasiya, tinachita kumunyengerera ndi supuni. Mpongozi wanu ndiye analemba maina pa timapaketi, akuti zolemba zanga akaziona kumeneko aganiza kuti tayezetsa nkhuku. Tinaseka kwambiri tsiku limenelo. Ndalemba zimenezi kuti mudziwe kuti panalibe kukayikirana. Tinkafuna abale a bambo basi.

Zotsatira zinabwera patapita milungu, nthawi ya chakudya chamasana kuntchito. Ndinawapatsa a Mizu foni kuti andiwerengere. Poyamba anasangalala, akuti kwapezeka anthu angapo a mbali ya bambo, achibale apatali. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire, pambuyo pake anatiyankha kuti kwawo kunalidi mwamuna wina amene anapita kukafuna ntchito osabwerera. Ndiye chimene tinkafuna chinapezeka, Amayi. Koma sindinachisangalalire ngakhale pang'ono, chifukwa a Mizu atawerenga chakumunsi pa foniyo anasiya kutafuna. Anavula magalasi awo, kupukuta ndi malaya, kuvalanso.

Anati pa mpongozi wanu ndi mwana palembedwa bwino, mayi ndi mwana wake. Pa ine ndi mwana sipanalembedwe bambo. Akuti magazi athu akugwirizana, koma theka chabe la mmene bambo ndi mwana amagwirizanirana. Palembedwa kuti ine ndine mchimwene wa bambo ake.

Ndinaseka. Ndinati a Mizu, ine mchimwene ndilibe, kwathu tinabadwa atatu, akazi awiri ndi ine. Iwo anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, mulibe amene mukumudziwa.

Amayi, ine ndine munthu wa tepi yoyezera. Windo likakana galasi sindinena kuti mfiti, ndimati wina wayeza molakwika. Ndiye mutu wanga unayenda njira yachidule. Ndinati bambo anali ndi mwana wina kunja, mwanayo anakula, ali m'tauni muno, ndipo anafika m'nyumba mwanga ine ndili kuntchito. Ndinayamba kuyang'ana nkhope za amuna m'basi, pamzere wa kusitolo, pamsewu. Aliyense wa mphumi ngati yanga ndinkamuyang'anitsitsa. Tsiku lina ndinamutsatira munthu mpaka pakhomo pake chifukwa cha kayendedwe, atacheuka ndinapeza ndi mkulu wa imvi. Ndipo kuntchito kwathu mukudziwa, akalilole ali mbali zonse, atatsamira makoma. Kulikonse kumene ndacheukira ndimakumana ndi munthu wofanana nane akundiyang'ana.

Ndinapirira masiku ochepa, kenako ndinalankhula. Ndinamupeza mpongozi wanu akusita ovolosi yanga. Sindilemba mawu amene ndinanena, ndi oipa. Iye anaimika simbi bwinobwino, anazimitsa, n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Sanalire. Anati chabwino, kamutengeni mchimwene wanuyo mubwere naye pano, nanenso ndimuone, chifukwa zikuoneka kuti ndinabereka naye mwana tisanakumane. Mawa lake nditaweruka ndinapeza kiyi pansi pa chitini cha maluwa, chakudya chili pamoto wozima, ovolosi ili pampando, mkono umodzi wosita wina wosasita. Anapita kwa akulu ake, alamu anga aja amakhala kuseri kwa siteshoni ya sitima. Zovala za mwana anasiya zambiri, koma chipewa chachikasu chija munatumiza anatenga.

Nyumba yopanda mwana, Amayi, imamveka zinthu. Firiji, mpopi wodontha, mapazi a anthu a pamwamba. Beseni lake losambira lili pakona, sindinalisunthe.

A Mizu zinawakhudza, akuti ndiwo anabweretsa moto m'nyumba mwanga. Anati za pa foni nthawi zina zimalakwika, tipite ku labu ya m'tauni muno kumene amayeza chibale pamaso pako. Panafunika mwana. Ndinapempha kudzera mwa alamu, ndipo mpongozi wanu anabwera naye, akuti kuti manyazi akagwere mwini wake. Anakhala pabenchi ina, ine pabenchi ina. Kamano amanditambasulira manja, mayi ake amamutembenuza. Anatipukuta tonse m'matsaya monga poyamba. Pokamva zotsatira ndinapita ndekha. Zinatuluka chimodzimodzi.

Ndinaimirira kuti ndizipita, koma mayi amene amandiwerengera, wamkulu wa pa labupo, anati ndikhale kaye. Kenako anayamba mafunso amene sindinaone mutu wake. Kodi ndinadwalapo matenda aakulu mpaka kupatsidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina? Ndinati ayi, kuchipatala ndimapitira mabala a galasi okha. Kodi ndinabadwa mapasa? Ndinati ayi, ndinabadwa ndekha. Kodi pathupi panga pali malo amene khungu lili mitundu iwiri?

Ndinati alipo.

Mukuudziwa mzere uja, Amayi. Umayambira pakati pa chifuwa, kutsika mowongoka kudutsa pamchombo. Kumanja khungu loyererako, kumanzere loderako, mpaka kuzungulira kumsana. Wowongoka ngati umene timakanda pa galasi tisanalithyole. Kusukulu anzanga ankanditcha Theka, n'chifukwa chake sindinkavula malaya posewera mpira. Inu munkati ndi chibadwa, ndisamaonetse anthu. Ndinakweza malaya. Mayi aja anaika cholembera pansi, anapita kukaitana mnzawo, ndipo onse awiri anayang'anitsitsa mimba yanga. Anapempha kutengako kakhungu kumbali zonse ziwiri, tsitsi, magazi, ndi zinanso zimene mwana wamwamuna sangalembe kwa mayi ake. Ndinalola. Ndinali nditatopa.

Sabata yatha anandiitana. Chipinda chake ndi chaching'ono, choyera, chozizira, pakhoma pali wotchi yosayenda. Anatseka chitseko n'kundiuza kuti m'thupi mwanga apezamo anthu awiri. Onse amuna, a mimba imodzi, koma osafanana magazi, monga amakhalira mapasa osafanana nkhope. Akuti pachiyambi penipeni m'mimba mwanu tinalimo awiri, aliyense wochepa kuposa kambewu ka mchenga, ndiye tinakhudzana n'kumatirirana, n'kukula thupi limodzi. M'kamwa ndi mwa mmodzi. Khungu la kumanzere, pamodzi ndi mphamvu yobereka, ndi za winayo. Akuti sizichitikachitika koma zimadziwika, si ine woyamba. Ndiye atayeza mwana ndi winayo, zinagwirizana ndendende, bambo ndi mwana wake.

Mpongozi wanu sanalakwe chilichonse. Mchimwene amene ndinkamusaka m'mabasi ndinkakwera naye, pampando umodzi, tikiti imodzi.

Ndinafunsa zimene munthu angafunse. Kodi ndi matenda? Akuti ayi. Kodi pali mankhwala oti ndizimwa? Akuti palibe, ndakhala choncho moyo wanga wonse ndipo ndidzakalamba choncho. Kodi mwana zimukhudza? Akuti ayi, mwana ndi mmodzi, wathunthu. Kodi winayo amamva, amadziwa kuti alipo? Anamwetulira, akuti ayi bambo, si munthu, ndi mnofu chabe, musaganize zambiri. Ndiye ndinafunsa kuti pa awiriwo ine ndi uti. Apo anatola cholembera chake n'kumachitembenuza. Anati makina awo sayeza zimenezo.

Funso lomaliza ndinafunsa ndili kale pachitseko. Ndinati kodi mayi anga akanadziwa? Anati sizingatheke. Akuti zimenezi zimachitika mkazi asanazindikire n'komwe kuti waima, ndipo palibe namwino kapena makina amene akanamva mitima iwiri, chifukwa mtima unali usanapangike. Akuti palibe munthu padziko amene akanadziwa.

Ndiye inu munadziwa bwanji, Amayi?

Ndakhala ndikukumbukira zinthu. Ndili mwana munkandipakulira m'mbale ziwiri. Osati chakudya chambiri, chomwecho, koma chogawa pawiri. Achemwali ankadandaula kuti akutsuka mbale zambiri chifukwa cha ine, inu munkati atseke pakamwa. Ndikamaliza mbale imodzi n'kunena kuti ndakhuta, munkakankhira inayo kumanzere kwanga n'kunena kuti iyi si ya iwe, idya. Ndinkaganiza kuti ndi njira yanu yondinenepetsa.

Pondisambitsa munkayamba kumanja mukundikalipira za matope. Mukafika kumanzere mawu amasintha. Munkatsuka pang'onopang'ono, mukung'ung'udza kanyimbo, ndipo nthawi zina munkafunsa motsitsa kuti, nanga iwe, uli bwanji? Ine ndinkayankha kuti ndili bwino. Inu simunkandiyang'ana.

Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno, pa depoti, simunandigwire dzanja. Munaika chikhatho chanu panthiti zanga za kumanzere n'kunena kuti, musamalane. Ndinali ndekha, Amayi. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali wina wa kwathu amene akukwera basi yomweyo. Panalibe.

Ndiye chipewa. Mu sutikesi yanu yapansi pa bedi munali zipewa ziwiri zoluka, zachikasu, zofanana. China chothaitha, chobooka pamwamba, munkati chinali changa. China chatsopano, chosavalidwapo. Nditafunsa munati ulusi unatsala. Kamano atabadwa munatumiza chatsopanocho ndi dalaivala wa basi, chikununkha mankhwala a njenjete. Dalaivala anati mwamuuza mawu oti anene, ndipo anawanena kawiri kuti asalakwitse. Akuti chipewachi chapeza mwini wake. Tinaseka, tinati agogo ayamba kulankhula mokuluwika. Mwana anachivala mpaka chinamuthina, ndipo mpaka lero sagona chisali m'manja mwake.

Za mizimu ine sindizitsata, mukundidziwa. Koma ndikuuzani zimene zikundichitikira kuntchito, muziweruze nokha. Ine ndimadula ndi dzanja lamanja. Lamanzere ntchito yake ndi kugwira. Zaka zonsezi mabala anga onse ali kumanja, zala zake zili zipsera zokhazokha. Lamanzere lilibe ngakhale kachipsera kamodzi. Galasi likaterereka, lamanzere limakhala litaligwira kale ine ndisanaone kuti likugwa. Anyamata amati ndili ndi mwayi. Kale ndinkavomera. Masiku ano ndimangoliyang'ana dzanja limeneli likugwira ntchito yake.

Lachisanu tinali ndi oda ya akalilole awiri aatali, a pa zitseko za kabati ya zovala. Nditawadula ndinawaimika moyang'anizana kuti ndione ngati ali ofanana, n'kulowa pakati kuti ndipukute. Dzuwa linali pamutu, makina akulira, bwana akukangana ndi kasitomala pakhomo. Mukaima pakati pa akalilole awiri mumaona anthu ambirimbiri, mzere wopita kutali, onse inu. Ndaziona kambirimbiri, sizindiopsa. Koma tsiku limenelo nditatembenuza mutu, onse anatembenuka, kupatula mmodzi chapakati pa mzere amene anachedwa pang'ono. Pang'ono chabe, ngati munthu amene amayang'ana china. Ndinawaitana bwana, ndinati galasi ili ndi lopindika, tisalipereke. Anaika chitsulo chowongolera, anayang'ana m'mbali, anati galasi lili bwino, wopindika ndiwe, pita ukamwe madzi. Mwina n'zoona, chifukwa sindikudya mokwanira. Koma akalilole aja ndinapempha mnzanga kuti awakulunge.

A Mizu nditawafotokozera zonse anati pa chithunzi cha mtengo wa mtundu wathu chimene akundijambulira sakudziwa kuti ajambule nthambi imodzi kapena ziwiri. Anyamata sindinawauze. Angayambe kufunsa kuti malipiro ndizilandira a anthu angati.

Loweruka ndinapita kwa alamu. Ndinavala malaya abwino, ndinagula zipatso. Alamu anali atamva kale, chifukwa ndinawaimbira. Atatsegula chitseko anafuulira m'nyumba kuti, tayalani mpando, afika abambo aang'ono a mwana! Ndinalowa. Ndinakhala pampando wapafupi ndi chitseko, mpongozi wanu anakhala patali, manja ali pamiyendo. Ndinafotokoza monga ndakufotokozerani inu. Ndinatulutsa pepala la ku labu, iye sanalilandire. Anati makina ndiwo ananditulutsa m'nyumba, makina sangandibwezemo. Akuti lero anena kuti ndine wosalakwa, nanga mawa akanena zina mudzandithamangitsanso?

Kenako anafunsa kuti, popeza mulimo awiri, amene ananditukwana tsiku lija ndi uti? Ndinati ku labu anena kuti m'kamwa ndi mwanga. Anati ndiye winayo ndi waulemu, zaka zonsezi sanandilakwirepo, mwina ndikanakwatiwa ndi iyeyo. Alamu anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinagwada, Amayi, pa simenti, pamaso pa alamu. Ndinapepesa. Sanandidzutse msanga.

Atalankhulanso anali wofatsa. Anati mzere uja anauona kuyambira tsiku loyamba, ndipo ulendo uja tinabwera kudzakuonani anakufunsani muli awiri kukhitchini. Akuti inu munasiya kupukuta mbale, munayang'ana pakhomo, n'kumuuza kuti asamawerenge anthu a m'nyumba mwake mokweza. Iye anachita mantha, sanandiuze. Ndiye mawu ake ndi awa. Akuti pepala sakulifuna. Akufuna munthu wamoyo amuuze ndi pakamwa pake kuti mwamuna amene anamunenera zachiwerewere uja ndi ndani, anachokera kuti. Akuti amayi anu akudziwa kanthu, akandiuza okha ndibwerera. Akapanda kutero, sindingagone m'nyumba imene aliyense akudziwa theka.

Nthawi yonseyi mwana anali m'chipinda, akugona. Anadzuka, anatulukira akukwawa, chipewa chili m'dzanja. Atandiona anathamanga ndi mawondo. Ndinamunyamula ndi dzanja lamanja, monga munthu amachitira. Anayamba kulira, kudzipotokola, kukankha. Ndinamusamutsira kumanzere, anatonthola pomwepo. Wakhala akutero chibadwire, ndipo tinkati ana amakonda mbali ya mtima. Koma Loweruka anachita china. Anakoka malaya anga, anaika khutu panthiti, anakhala chete ngati akumvetsera munthu akulankhula kuseri kwa khoma. Kenako anamenyapo ndi kadzanja kake n'kunena kuti baba. Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewa. Sanayang'ane nkhope yanga, Amayi. Anayang'ana pamene anamenyapo.

Alamu anasiya kuseka. Mpongozi wanu anaphimba pakamwa. Ine ndinayankha kuti ndili pano mwanangu, chifukwa winayo pakamwa alibe.

Ndaganiza zambiri pobwerera, ndipo maganizo anga ndi awa. Amene anathamanga usana uja kukafuna galimoto mpongozi wanu atayamba matenda obereka ndi miyendo iyi, yonse iwiri. Amene amanyamula magalasi kuti mwana adye ndi manja awa, onse awiri. Ngati mwana ndi wa mchimwene wanga, mwana wa mchimwene wako ndi wako, sindinamvepo kuti amatayidwa. Ndipo iye alibe pena pokhala, alibe njira ina yomuonera mwana wake koma kudzera mwa ine. Sindikumuopa kwambiri monga sabata yatha. Chimene ndikuopa ndi kukhala m'nyumba muno awiriwiri, ine ndi iye, mkazi ndi mwana ali kwina.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likudzali masana, mupemphe foni kwa achemwali, mulowe kuchipinda, mutseke chitseko, mumuimbire mpongozi wanu. Nambala ya alamu ndalemba kuseri kwa pepalali. Mumuuze chimene mukudziwa, mmene munachidziwira, kaya munalota, kaya munamva m'thupi, kaya wina anakuuzani. Ngakhale chikhale chinthu chimene anthu angachiseke, iye saseka. Musaope kuti ndikwiya chifukwa simunandiuze. Mukanandiuza ndili mwana sindikanamva, mukanandiuza ndili wamkulu ndikanati mwakalamba. Mwasenza nokha nthawi yaitali, tsopano tulani. Ndipo ngati munamupatsa dzina, mumuuzenso limenelo. Munaluka zipewa ziwiri, sindikhulupirira kuti munakonza dzina limodzi. Mwana akadzakula adzafunsa, ndipo sindikufuna kudzakandanso mutu monga ndinachitira kusikelo.

Ndi dalaivala yemweyo ndatumiza mafuta opaka bondo ndi nsapato zofewa zimene munanena. Mukaona kuti zikuthina musazikakamize, mupatse mayi aang'ono.

Mundiperekere moni kwa achemwali aakulu ndi alamu, ndi ana awo onse, makamaka wamng'ono uja anathyoka dzanja. Achemwali aang'ono muwauze kuti mbale zija ankatsuka sanatsukire chabe, tsiku lina ndidzawafotokozera ndekha. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa mayi aang'ono, ndi kwa anansi athu a kuseri amene amakutungirani madzi. Onsewa muwauze kuti kuno tili bwino, zinazi zikhale pakati pa inu ndi ife.

Dzulo popakula ndinazindikira kuti ndatulutsa mbale ziwiri. Sindikukumbuka dzanja limene linatenga yachiwiriyo. Sindinaibweze. Ndinagawa chakudya monga munkachitira inu, ndipo ndinamaliza zonse. Koma patebulo pano pamafunika mbale zinayi, Amayi, ndipo ziwiri zinazo zili m'manja mwanu. Lamulungu foni ikhale ndi moto.

Khalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu wamwamuna, amene anthu amati munabereka mmodzi,
Bambo a Kamano